KUFEWETSA MALAMULO OMANGIRA NYUMBA: ZIMENE DZIKO LA NEW ZEALAND LIDAONA

Abambo ansembe, makolo athu ndi anzanga a pano pa seminale, aliyense amene ali ndi mbale wake m'tauni amalidziwa dandaulo la kumapeto kwa mwezi lakuti lendi yakweranso. Dandaulo limeneli si la kwathu kokha ayi. Ngakhale m'maiko olemera, achinyamata amene ali pa ntchito zabwino akulephera kugula nyumba. Maboma ambiri afika pa ganizo limodzi, lakuti malamulo omangira nyumba achulukitsa, n'chifukwa chake nyumba zili zochepa ndiponso zodula. Tsono akuti malamulowo afewetsedwe. Kodi mankhwala amenewa amachizadi? Dziko la New Zealand lingathe kutiyankha bwino, pakuti lidafewetsa malamulo ake kawiri, mu 1991 ndi mu 2016. Ulendo woyamba nyumba zidawola eni ake ali momwemo. Ulendo wachiwiri nyumba zidachuluka ndipo lendi idachepetsa liwiro. Kusiyana kwake kudagona pa mtundu wa lamulo limene adalikhudza.

MALAMULO ALIPO MITUNDU IWIRI

Munthu wofuna kumanga nyumba mu mzinda amakumana ndi malamulo a mitundu iwiri, ngakhale kuti onsewo amakawapeza ku khonsolo imodzi. Mtundu woyamba ndi wa malo. Umanena kuti dera ili ndi la nyumba, ilo ndi la mafakitale. Umanenanso kukula kwa puloti, chiwerengero cha nyumba zimene zingakhale pa puloti imodzi, msinkhu wa nyumbazo, ndi malo oimikapo galimoto. Mtundu wachiwiri ndi wa kamangidwe. Umenewu umaona kuya kwa maziko, kulimba kwa matabwa ndi zipupa, kuti denga lisadonthe, kuti moto ukabuka anthu apeze potulukira, ndi kuti nyumba isagwe kukachita chivomezi.

Malamulo a mtundu wachiwiriwa kawirikawiri amabadwa pambuyo pa maliro. Mu 1931 chivomezi chidagumula matauni a Napier ndi Hastings ku New Zealand n'kupha anthu 256, ndipo mu 1935 dzikolo lidalemba miyeso yake yoyamba yomangira nyumba zopirira chivomezi. Mu February 2011 chivomezi china chidapha anthu 185 mu mzinda wa Christchurch. Mwa anthu amenewa, 115 adafera m'nyumba imodzi yokha ya maofesi yotchedwa CTV, ndipo komiti imene boma lidakhazikitsa idapeza kuti pulani ya nyumbayo idali yoperewera, sidayenera kupatsidwa chilolezo. Choncho munthu akamati malamulo onse omangira nyumba ndi ongovutitsa anthu, ndiye kuti waiwala manda amenewa.

Nanga mtundu woyamba uja umakweza bwanji mtengo wa nyumba? Tiyeni tingoyerekeza. Puloti ili pafupi ndi msika, sukulu ndi malo a ntchito, ndipo mtengo wake ndi K30 miliyoni. Lamulo likanena kuti pamenepo pakhale nyumba imodzi basi, banja limodzi lidzasenza ndalama zonsezo lokha lisanagule ngakhale njerwa imodzi. Koma lamulo likalola nyumba zisanu ndi imodzi zogundizana, banja lililonse lidzalipira K5 miliyoni ya malo. Msewu ndi womwewo, paipi ya madzi ndi yomweyo, basi yokwera popita ku ntchito ndi yomweyo. Lamulo la nyumba imodzi silionjeza kanthu pa kulimba kwa nyumbayo. Limangotsekereza kunja mabanja asanu aja, amene tsopano ayenera kukapikisana ndi anzawo pa nyumba zochepa zimene zilipo.

ULENDO WOYAMBA: NYUMBA ZOLOWA MADZI

Nyumba zambiri ku New Zealand sazimanga ndi njerwa monga timachitira kuno. Amaimika mafupa a matabwa a paini, kenaka n'kukuta kunja ndi m'kati. Kale khonsolo iliyonse idali ndi malamulo ake ofotokoza mwatsatanetsatane m'mene mmisiri ayenera kugwirira ntchito. Anthu adadandaula kuti zimenezi zimachedwetsa ndi kudulitsa ntchito, motero mu 1991 nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano. Lamuloli lidangonena zotsatira zofunika, monga zakuti nyumba ikhale yolimba ndi yosalowa madzi, koma njira yofikira pamenepo adaisiya m'manja mwa ojambula mapulani ndi amisiri. Lidalolanso makampani wamba kuti aziyendera nyumba ndi kupereka ziphaso, ntchito imene kale idali ya khonsolo yokha. Kenaka mu 1995 muyeso wa matabwa udasinthidwa, ndipo adalola kumangira matabwa ongoumitsa mu uvuni, osanyikidwa m'mankhwala oletsa kuwola.

Nthawi yomweyo kudabwera fashoni ya nyumba zotengera za ku maiko otentha a ku Mediterranean, za denga lafulati losapitirira khoma ndi zipupa za pulasitala wopyapyala womata pa mabodi. Komatu ku New Zealand mvula imagwa pafupifupi mwezi uliwonse, ndipo imabwera ndi mphepo yoikankhira pa khoma. Pulasitala akang'aluka pang'ono, kapena mmisiri akalephera kumata bwino m'mbali mwa windo, madzi amalowa. Akalowa amasowa potulukira, ndipo matabwa opanda mankhwala aja amayamba kuwola m'kati mwa khoma, kunja kukuonekabe kokongola. Eni nyumba ambiri adazindikira patapita zaka, ataona chuku pa zipupa, makapeti onyowa ndi makhonde a m'mwamba oyamba kugwedera.

Mu 2002 komiti yotsogozedwa ndi a Don Hunn idatsimikiza kuti vutoli ndi la dziko lonse. Mu 2009 kampani yowerengera chuma ya PricewaterhouseCoopers idauza boma kuti nyumba zoonongeka zingakhale pafupifupi 42,000, ndi kuti kuzikonza kungadye madola a ku New Zealand okwana 11.3 biliyoni. Sukulu zambiri za boma nazonso zidapezeka ndi nthenda yomweyo. Makampani ambiri amene adamanga nyumbazo adali atatsekedwa kale, motero eni nyumba adasumira makhonsolo amene adapereka ziphaso, ndipo ndalama zolipira zidachokera m'misonkho ya anthu. Mu 2011 boma lidakonza zoti lizilipira kota ya ndalama zokonzera nyumba, khonsolo kota ina, mwini nyumba theka lotsalalo. Taganizani za banja limene likubwezabe ngongole ya ku banki ya nyumba imene yawola, kenaka likuuzidwa kuti lipeze theka la ndalama zoimangiranso.

Mu 2004 dzikolo lidalemba lamulo lina lokhwima. Matabwa a mankhwala adabwereranso, amisiri adayamba kufunika ziphaso, ndipo pa nyumba zambiri adalamula kuti pazikhala mpata pakati pa chikuto cha kunja ndi matabwa, kuti madzi olowa azitsika n'kutuluka. Makhonsolo nawo, poopa kusumiridwanso, adayamba kusanthula pulani iliyonse mosamala kwambiri, ndipo zilolezo zidayamba kuchedwa. Ndalama zimene ankafuna kupulumutsa mu 1991 adazilipira kambirimbiri.

AUCKLAND ASOWA POGONA

Pamene dzikolo linkalimbana ndi nyumba zowola, vuto lina linkakula mu Auckland, mzinda waukulu koposa umene mumakhala pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu atatu alionse a m'dzikomo. Mzindawu udamangidwa pa kamtunda kopapatiza pakati pa madooko awiri a nyanja, Waitematā ndi Manukau, ndipo akuluakulu adaulembera malire oti usapitirire kulowa m'minda. Kukula cham'mbali kudali kovuta, kukula cham'mwamba kudali koletsedwa m'madera ambiri, koma anthu ankabwerabe chaka ndi chaka.

Pofika 2016 mtengo wa nyumba wamba mu Auckland udapitirira madola 1 miliyoni, ndiye kuti pafupifupi ndalama zonse zimene banja wamba limapeza pa zaka khumi. Mabanja ena ankagona m'magalaja a anzawo, ena m'magalimoto, ngakhale kuti makolo adali pa ntchito. M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho, bwalo la Amaori lotchedwa Te Puea Marae ku Māngere lidatsekula zitseko zake kuti lilandire mabanja osowa pogona. Nkhaniyi idachititsa manyazi dziko lonse.

ULENDO WACHIWIRI: PULANI YA 2016

Mwayi udapezeka chifukwa mu 2010 makhonsolo asanu ndi atatu a m'chigawocho adaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi, imene idayenera kulemba pulani imodzi ya mzinda wonse. Pulaniyo, yotchedwa Auckland Unitary Plan, idayamba kugwira ntchito mu November 2016. Idamasula pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a malo onse a nyumba mu mzindawo. Pamene kale pankaloledwa nyumba imodzi, tsopano pankatheka nyumba zingapo zogundizana, zosanja kawiri kapena katatu. Pafupi ndi masiteshoni a sitima ndi misika ikuluikulu adalola midadada ya mafulati yotalikirapo. Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: malamulo a kamangidwe sadawakhudze. Nyumba iliyonse yatsopano idayenerabe kukwaniritsa miyeso yokhwima ya 2004 ija.

Zotsatira zake zidaoneka msanga. Mu 2016 khonsolo idapereka zilolezo za nyumba zatsopano pafupifupi 10,000. Mu 2022 idapereka zoposa 21,000, ndipo zambiri mwa izo zidali za nyumba zogundizana m'madera omasulidwa aja. Akatswiri awiri a za chuma, a Ryan Greenaway-McGrevy ndi a Peter Phillips, adawerengera kuti m'zaka zisanu zoyambirira pulaniyo idabweretsa zilolezo zoposa 20,000 zimene sizikadakhalapo popanda iyo. Pa kafukufuku wina, a Greenaway-McGrevy adapeza kuti patatha zaka zisanu ndi chimodzi lendi mu Auckland ikadakhala yokwera ndi pafupifupi 28 peresenti kuposa m'mene idaliri, malamulo akadapanda kusintha.

Mawu amenewa tiwamve bwino. Sakutanthauza kuti alandilodi adatsitsa lendi ayi. Lendi idapitirira kukwera, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi m'mizinda ina ya m'dzikomo. Ndiponso akatswiri ena, monga a Cameron Murray ndi a Tim Helm, adatsutsa kawerengedwe ka anzawowo, ponena kuti ntchito yomanga idali itayamba kale kukwera pulaniyo isanabwere. Mtengo wogulira nyumba nawo sudagonje msanga. Mu 2020 ndi 2021, pamene chiwongoladzanja cha ku banki chidatsika kwambiri chifukwa cha mliri wa Covid-19, mitengo idalumpha koopsa, ndipo chiwongoladzanjacho chitakwera mitengo idatsika, zilolezo zomanga nazonso zidachepa. Izi zikutiphunzitsa kuti lamulo limangotsekula khomo. Kuti nyumba imangidwe pamafunikabe ndalama, zipangizo ndi amisiri.

Boma lidayesanso njira ina. Mu 2018 lidayambitsa ndondomeko ya KiwiBuild, n'kulonjeza nyumba 100,000 m'zaka khumi. Pofika September 2019 nyumba zomangidwa zidali zochepa kwambiri kotero kuti boma lidachotsa chiwerengerocho. Lonjezo lalikulu la boma lidabala zochepa kuposa kusintha kwa mizere pa mapu a khonsolo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Boma la mayi Jacinda Ardern lidafuna kuti zimene zidachitika mu Auckland zifalikire. Mu 2020 lidalamula makhonsolo a mizinda ikuluikulu kuti alole nyumba zosanja kasanu ndi kamodzi pafupi ndi masiteshoni ndi pakati pa mizinda, ndiponso kuti aleke kukakamiza omanga kusiya malo oimikapo galimoto. Mu December 2021 zipani ziwiri zikuluzikulu, Labour ndi National, zidagwirizana pa lamulo lolola nyumba zitatu zosanja katatu pa mapuloti ambiri mu Auckland, Hamilton, Tauranga, Wellington ndi Christchurch, popanda kupempha chilolezo chapadera cha malo.

Apa m'pamene phokoso lidabuka. Anthu amene adali kale ndi nyumba zawo adadandaula kuti nyumba zazitali ziwatchingira dzuwa, kuti misewu idzadza magalimoto, ndi kuti madera a nyumba zakale zokongola ataya maonekedwe ake. Madandaulo ena adali omveka, makamaka a mapaipi a madzi ndi a zimbudzi amene adakonzedwera anthu ochepa. Komabe tisaiwale kuti amene amafika ku misonkhano ya khonsolo kawirikawiri ndi amene ali kale ndi denga. Banja logona m'galimoto silikhala ndi nthawi yolemba kalata yodandaula. Mu 2023 chipani cha National chidatuluka m'mgwirizano uja, ndipo chitalowa m'boma ndi a Christopher Luxon chidati makhonsolo angathe kulisiya lamulo la nyumba zitatulo, pokhapokha ataonetsa kuti akonza malo okwanira nyumba za zaka 30 zikubwerazo.

Chaka chomwecho chilengedwe chidapereka phunziro lake. Pa 27 January 2023 mvula yoopsa idagwa mu Auckland, anthu anayi adafa ndipo nyumba zikwi zingapo zidaonongeka. Zidaoneka poyera kuti nyumba zina zidamangidwa m'njira za madzi ndi m'munsi mwa zitunda zogumuka. Boma ndi khonsolo adachita kugula nyumba za m'malo oopsa kwambiri kuti eni ake asamuke. Choncho ngakhale pakati pa malamulo a malo alipo ena amene ali oteteza moyo. Lamulo loletsa kumanga m'dambo ndi losiyana kutalitali ndi lamulo loletsa mnzako kumanga pafupi nawe chifukwa chakuti sufuna kumuona.

ZIMENE ADACHITA MU 2025

Boma la a Luxon lidabwereranso ku malamulo a kamangidwe, koma ulendo uno mochenjera ngati munthu amene adapsapo kale. Choyamba chidali cha zipangizo. Mu 2022 dzikolo lidasowa mabodi okutira zipupa za m'kati, ndipo nyumba zambiri zidaima osamalizika, chifukwa pafupifupi mabodi onse ankachokera ku kampani imodzi ndipo mapulani ankatchula dzina la bodi ya kampaniyo, lotchedwa Gib. Mu 2025 nyumba ya malamulo idavomereza kuti zipangizo zimene zidayesedwa kale ndi kuvomerezedwa m'maiko ena odalirika zizilandiridwa mosavuta. Muyeso wa kulimba sadautsitse. Adangochotsa kuyesa kawiri chinthu chimodzi.

Chachiwiri chidali cha tinyumba ta kuseri, tonga timene kuno timati boyizikota, timene kumeneko amakonda kusungiramo agogo. Lamulo la 2025 lidalola kumanga kanyumba kotere kosapitirira masikweya mita 70 popanda kudikira chilolezo cha khonsolo. Koma kanyumbako kayenera kukhala ka pulani yosavuta, kokwaniritsa miyeso yonse ya kamangidwe, komangidwa ndi amisiri a ziphaso, ndipo khonsolo iyenera kudziwitsidwa ntchito isanayambe ndiponso ikatha. Nduna yoona za zomangamanga pa nthawiyo, a Chris Penk, idalengezanso chaka chomwecho kuti boma likufuna kusintha lamulo la milandu, kuti nyumba ikaonongeka aliyense azilipira gawo la kulakwa kwake, m'malo moti khonsolo izisenza zonse. Funso limene anthu ambiri adafunsa ndi lakuti, kampani yomanga ikatsekedwa, gawo lake adzalipira ndani? Ndi funso lomwe lija la mabanja a nyumba zowola.

NANGA KWATHU KUNO?

Dziko lathu nalonso lidayesapo kufewetsa malamulo kuti anthu osauka apeze pokhala m'tauni. Bungwe la Malawi Housing Corporation, limene lidakhazikitsidwa mu 1964, linkadula mapuloti m'madera otchedwa Traditional Housing Areas, monga Kawale ndi Area 25 ku Lilongwe, Bangwe ndi Zingwangwa ku Blantyre. Kumeneko munthu ankaloledwa kuyamba ndi nyumba ya zidina, n'kumaikonza pang'onopang'ono akapeza ndalama. Lidali ganizo lanzeru, pakuti malo adali odziwika, misewu idali yolembedwa, ndipo muyeso wa nyumba udali woti munthu wamba angaukwanitse.

Koma anthu obwera m'tauni adachuluka kuposa mapuloti, ndipo amene adasowa malo ovomerezeka adakamanga paliponse pamene adapeza, m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri momwe. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa ndipo ena oposa 500 adasowa. Kuuza anthu kuti asamange m'phiri n'koyenera, koma lamulo lotere limagwira ntchito pokhapokha ngati kumunsi kuli mapuloti okwanira, a mtengo woti munthu wogulitsa tomato angaufikire.

Tsono makolo athu ndi anzanga, tsiku lina mukadzamva pa wailesi nduna kapena phungu akulonjeza kuti afewetsa malamulo omangira nyumba, musafulumire kuomba m'manja kapena kukwiya. Yambani mwafunsa kuti ndi lamulo liti. Ngati ndi loletsa mabanja awiri kukhala pa puloti imodzi, kapena loyendetsa munthu miyezi ndi miyezi kufuna sitampa, kulichotsa kungapatse anthu ambiri pogona. Ngati ndi la maziko, la simenti, la denga kapena la njira ya madzi, kumbukirani mabanja a ku New Zealand amene adagula nyumba zokongola kunja, m'kati zikuwola. Akuluakulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.